Kuphika M'nyengo Yotentha: Thobwa, Chigumu ndi Jamu wa Mango Zosawonongeka Msanga

Kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka mvula itakhazikika mu Disembala, madandaulo a kukhitchini amafanana m'makomo ambiri. Thobwa lomwe laphikidwa dzulo limapezeka litasasa kale ndipo likuchita thovu, chigumu chimapserera pansi pamene m'kati mukadali mwamuwisi, nthochi zogulidwa Lolemba zimakhala zitada pofika Lachitatu, ndipo mango amawolera pansi pa mtengo chifukwa banja silingathe kuwadya onse. Nthawi zambiri wophika sanalakwitse muyeso wa ufa kapena wa shuga. Chimene chasintha ndi liwiro, popeza kutentha kumafulumizitsa kupsa kwa zipatso, kusasa kwa phala, kugwira ntchito kwa soda ndiponso kuswana kwa tizilombo toyambitsa matenda. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi imeneyi, ndipo ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota ngakhale usiku sikuzizira kwenikweni. Malangizo otsatirawa akusonyeza malo amene muyenera kusintha nthawi ndi kagwiridwe ka ntchito kuti zakudya zitatuzi zituluke bwino.

Zipangizo ndi zofunika kukhala nazo

Ziwiya za ntchito zonse ndi izi:
- Mapoto awiri, wamkulu wa malita 8 kapena kuposa, ndi wina wocheperapo wokhala ndi pansi pochindikala komanso chivundikiro chachitsulo chopanda chogwirira cha pulasitiki.
- Mthiko woyera, chipande, sefa, mpeni wakuthwa ndi beseni lalikulu loziziritsira poto.
- Mbaula ndi makala, kapena uvuni kwa amene ali nawo.
- Mtsuko kapena ndowa yokhala ndi chivundikiro, yotsukidwa ndi madzi otentha.
- Mabotolo agalasi atatu kapena anayi okukamwa kwakukulu, okhala ndi zotsekera zachitsulo zopanda dzimbiri.
- Kapu ya mamililita 250, supuni yaikulu ndi supuni yaing'ono ya tiyi, zomwe muziyezera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Za thobwa mufunika madzi malita 5, ufa wa mgaiwa makapu 3, chimera cha mawere chogaya kapu imodzi, ndi shuga wothira pomwa.

Za chigumu mufunika nthochi zakupsa kwambiri zinayi kapena zisanu, ufa wa mgaiwa makapu 2, fulawa kapu imodzi, mazira awiri, chambiko kapu imodzi, mafuta ophikira kotala la kapu, shuga masupuni aakulu atatu, soda supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, ndi masamba a nthochi awiri.

Za jamu mufunika mnofu wa mango wosenda kale kilogalamu imodzi, shuga magalamu 750, ndi madzi a mandimu masupuni aakulu anayi.

Musanayatse moto

1. Gawani ntchito molingana ndi dzuwa. Chigumu ndi jamu ziphikidwe m'mamawa, dzuwa lisanakwere, pamene khitchini ikadali yozizira ndipo wophika angathe kuima pamoto kwa ola lathunthu osatopa. Thobwa liyambidwe chakumadzulo kuti ligone usiku, nthawi yomwe kutentha kumatsikako.

2. Konzani madzi abwino tsiku lomwelo. Madzi onse amene sadzafika pamoto, monga osungunulira chimera kapena otsukira mtsuko komaliza, akhale owiritsidwa kapena othiridwa klorini. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo matendawa amayenda kwambiri m'madzi ndi m'zakudya, makamaka mvula yoyamba ikagwa ndi kukokolera zonyansa m'zitsime.

3. Nunkhizani ufa ndi chimera. Mgaiwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, choncho m'nyengo yotentha umayamba kununkha ndi kuwawa msanga kusiyana ndi ufa woyera. Gayitsani wokwanira masabata awiri okha. Ufa kapena chimera chomwe chili ndi fungo la chuku chitayidwe, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kuphika.

4. Ikani mbaula panja, pakhonde kapena m'khitchini yolowa mpweya bwino. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha.

Thobwa lotsekemera losafulumira kusasa

Pa zakudya zitatuzi, thobwa ndilo limalephereka kwambiri, ndipo kulephera kwake kumachokera pa zinthu ziwiri: kutentha kwa phala pothira chimera, ndi kutalika kwa nthawi yomwe thobwa limakhala lofunda likaphulidwa.

1. Terekani malita 4 a madzi m'poto wamkulu. Sungunulani makapu 3 a mgaiwa m'lita yotsalayo ya madzi ozizira mpaka mibulu yonse itatha, kenaka thirani m'madzi amene ayamba kutentha uku mukutakasa ndi mthiko. Ufa wouma wothiridwa m'madzi owira umaundana, ndipo mibulu yake chimera sichiilowa.

2. Lolani phala liwire kwa mphindi 20 pamoto wapakati, mukulivundula kawirikawiri mpaka pansi pa poto. Phala likapserera pang'ono chabe, fungo la utsi limalowa m'thobwa lonse ndipo shuga sangalibise.

3. Phulani poto ndi kudikira kuti phala lizizireko. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Mphamvu ya chimera imene imasandutsa phala lolimba kukhala lamadzimadzi ndi lotsekemera imagwira bwino pa madigiri apakati pa 55 ndi 65, ndipo imafa phala likakhala lotentha kuyandikira kuwira. Ngati mulibe choyezera kutentha, tapani pang'ono ndi supuni ndi kudonthetsera kuseri kwa dzanja: dontholo likhale lotentha ndithu koma losawotcha. Musapise chala m'poto. M'chisanu phala limafika pamenepa msanga, koma mu Novembala limachedwa, choncho litakaseni pafupipafupi kuti nthunzi ituluke m'malo mothamangira kuthira chimera.

4. Sungunulani chimera m'kapu imodzi ndi theka ya madzi owiritsa amene azizira, thirani m'phala ndi kutakasa bwino. Pakatha mphindi 10 kapena 15 mthiko uyamba kuyenda mopepuka chifukwa phala layamba kusungunuka. Vundikirani ndi kusiya kwa ola limodzi, osapitirira maola awiri. Ngati patha theka la ola phala likadali lolimba, chimera chinapsa ndi kutentha kapena chinali chakale, ndipo mutha kuthira theka la kapu ya china phala likadali lofunda.

5. Terekaninso poto ndi kuwiritsa kwa mphindi 15. M'madera ena anthu amadumpha ndime imeneyi, koma m'nyengo yotentha ndikulangiza kuti isadumphidwe. Chimera chimamera m'chinyezi, chimayanikidwa padzuwa pomwe nkhuku ndi fumbi zimafika, ndipo chimalowa m'phala chili chachiwisi. Kuwiritsa kachiwiri kumapha tizilombo tobwera nacho ndipo kumachedwetsa kusasa. Ena amawaza chimera china chodzaza dzanja pambuyo pa kuwiritsa kumeneku kuti thobwa lisase msanga. Zimenezo n'zothandiza mu Juni, koma mu Okutobala zimangofupikitsa moyo wa thobwa.

6. Ziziritsani mofulumira. Ikani poto m'beseni la madzi ozizira, takasani, ndipo madzi a m'beseniwo akafunda muwasinthe. Malita asanu a thobwa osiyidwa okha m'poto wovundikira amakhala ofunda mpaka m'bandakucha, ndipo kufunda koteroko ndiko kumene tizilombo timakukonda.

7. Thirani m'mtsuko kapena m'ndowa yoyera, vundikirani ndi nsalu yoyera kenaka chivundikiro chosakanikiza, ndipo ikani pamalo ozizira kwambiri m'nyumba. Mtsuko wadothi wokulungidwa ndi chiguduli chonyowa ndi kuikidwa podutsa mphepo umasunga thobwa lozizira bwino kuposa ndowa ya pulasitiki, chifukwa madzi akamauma pachigudulicho amachotsa kutentha. Njira imeneyi imagwira kwambiri mu Okutobala mpweya ukadali wouma, ndipo mphamvu yake imachepa mvula ikayamba.

8. Musathire shuga mumtsuko wonse. Aliyense athire m'kapu yake pomwa, chifukwa shuga ndiye chakudya cha tizilombo tosasitsa, ndipo thobwa lothiridwa shuga lonse limafika msanga pokhala mowa. Tungirani ndi chikho chimodzi chomwe munthu sakumwera.

M'nyengo ino thobwa limakoma m'mawa wotsatira, limayamba kuwawasa tsiku lachiwiri, ndipo pofika tsiku lachitatu limakhala litayamba ukali, kotero silikhalanso loyenera ana. Banja laling'ono lichepetse miyezo yonse ndi theka. Amene ali ndi firiji aikemo thobwa likangozizira, koma asalitsekere mwamphamvu m'mabotolo, popeza mpweya umapitiriza kupangika ndipo botolo limatha kuphulika kapena kufwamphuka potsekula.

Chimera chopanga nokha

Ngati mukufuna kumeretsa nokha, vuwikani mawere m'madzi usiku umodzi, tsanulani madziwo, yalani mawerewo pathumba loyera ndi kufunditsa thumba lina lonyowa. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo. Kukatentha mawere amamera m'masiku awiri kapena atatu, ndipo tizimphukira tikangotalika kuposa njere yake muyenera kuwayanika padzuwa mpaka ataumiratu musanawasinje kapena kuwagayitsa. Musawaunjike mochindikala pomeretsa, chifukwa mulu umatentha m'kati ndi kuchita chuku.

Chigumu chakupsa mpaka m'kati

Nthochi zimene khungu lake lada ndipo ana akuzikana ndizo zabwino pa chigumu, chifukwa zimatsekemera kwambiri ndipo zimakanyika mosavuta. Zokhazo zomwe zikutuluka madzi, zikununkha mowa kapena zili ndi nkhungu ndizo zoyenera kutayidwa.

1. Yatsani makala musanayambe kusakaniza, kuti pomwe mukumaliza akhale atayaka onse ndipo ayera phulusa pamwamba. Ngati mukugwiritsa ntchito uvuni, uyatseni pa madigiri 180.

2. Wawulani masamba a nthochi pamoto kuti afewe, apukuteni, ndipo muwayale m'poto wocheperapo uja, pansi ndi m'mbali. Pakani mafuta pang'ono pamasambawo. Masamba amateteza pansi kuti pasapserere ndipo amapereka fungo limene pepala kapena mafuta okha sangapereke.

3. Sendani nthochi ndi kuzikanya ndi foloko, kapena kuzisinja mumtondo woyera, mpaka zitasalala. Ziyenera kukwana pafupifupi makapu awiri.

4. Swani mazira limodzilimodzi m'kapu yapadera musanawathire m'nthochi. Mazira osungidwa pamalo otentha amawonongeka msanga, ndipo dzira limodzi lovunda likagwera m'mbale yaikulu zonse zatayika. Thirani chambiko, mafuta, shuga ndi mchere, ndipo sakanizani.

5. Thirani mgaiwa wokha, sakanizani, vundikirani ndi kudikira mphindi 15. Mgaiwa ndi wokhakhala ndipo umachedwa kumwa madzi. Ukapatsidwa nthawi imeneyi chigumu sichimveka ngati muli mchenga ndipo sichinyenyeka podula. Musapitirire theka la ola, popeza muli mazira ndi mkaka.

6. Sefani fulawa pamodzi ndi soda, ndipo muzithire komaliza, poto ndi moto zili zokonzeka kale. Soda amayamba kutulutsa mpweya akangokumana ndi chambiko ndi nthochi, ndipo zosakanizazo zikakhala zofunda amatha mphamvu mofulumira kwambiri. Mukathira soda kenaka n'kupita kukakoleza moto, chigumu chidzatuluka chophwatalala ndi cholimba. Sakanizani mpaka ufa wouma usaonekenso, basi. Zosakanizazo zikhale zolimba kuposa phala koma zofewa kuposa nsima, zotha kutsika zokha pachipande pang'onopang'ono. Yezani soda mosadzaza mulu pasupuni, chifukwa akachuluka chigumu chimafiira moderako ndipo chimamveka sopo m'kamwa. Ngati mulibe chambiko, thirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga m'kapu ya mkaka ndi kudikira mphindi zisanu. Amene akufuna chigumu cha mgaiwa wokhawokha atha kuchotsa fulawa ndi kuwonjezera mgaiwa theka la kapu, podziwa kuti chidzakhala cholemera ndipo sichidzafufuma kwambiri.

7. Thirani m'poto osapitirira theka lake. Chigumu chokhuthala kuposa zala zinayi zogundana chimavuta kupsa pakati pa mbaula. Kuli bwino kuphika ziwiri zopyapyala kusiyana ndi chimodzi chachikulu.

8. Gawani moto. Chotsani makala ambiri m'mbaula ndi kusiya ochepa, owazidwa phulusa pang'ono, ndipo ochotsedwawo muwaike pachivundikiro, makamaka m'mphepete mwake. Mwa magawo atatu a makala, awiri akhale pamwamba ndipo limodzi pansi. Chigumu chopserera pansi ndi chachiwisi pakati chimachokera pa kutembenuza muyeso umenewu. Ngati poto wanu ndi wopyapyala, thirani mchenga woyera wokhuthala zala ziwiri m'poto wamkulu, utenthetseni, ikani poto wa chigumu pamchengapo, ndipo makala apamwamba muwaike pachivundikiro cha poto wamkuluyo.

9. Musavundukule mphindi 30 zisanathe. Pakatha mphindi 15 zilizonse tembenuzani poto pang'ono kuti mbali imodzi isalandire moto wonse. Pambaula chigumu chimatenga mphindi 40 mpaka ola limodzi, ndipo mu uvuni mphindi 45 mpaka 55. Povundukula samalani kuti phulusa lisagweremo.

10. Bayani pakati penipeni ndi mpeni woyera kapena kamtengo. Ukatuluka wopanda phala, chapsa. Ngati pamwamba pafiira koma pakati pakadali ponyowa, chotsani makala ena apamwamba ndi kupitiriza ndi moto wochepa kwa mphindi 10.

11. Dikirani mphindi 10, tulutsani chigumu m'poto, chotsani masamba ndi kuchiika palichero kuti mpweya uzidutsa pansi. Chivundikireni ndi nsalu yopyapyala poteteza ntchentche. Musachiike m'jumbo kapena m'kontena chikadali chofunda, chifukwa nthunzi imasanduka madzi, ndipo pofika mawa lake m'kati mumanata ndi kutuluka ulusi podula. Chigumu chotero sichiyenera kudyedwa. Popanda firiji, chidyedwe tsiku lomwelo ndi lotsatira.

Ngati nthochi zatsala ndipo nthawi ndi yochepa, kanyani zitatu, sakanizani ndi kapu imodzi ya ufa, mchere pang'ono ndi soda wotapa ndi nsonga ya supuni, ndipo kazingani zitumbuwa zophwatalala m'mafuta otentha mwapakati. Mafuta akatenthetsa, shuga wa m'nthochi amadetsa kunja m'kati musanapse.

Jamu wa mango

Mango akachuluka m'misika mu Novembala ndi Disembala, mtengo wake umatsika kwambiri moti shuga ndiye amadula kuposa zipatso. Mango a mitundu ya Kent ndi Keitt ali ndi ulusi wochepa ndipo savuta. Mango akumudzi, monga a boloma, amakoma bwino pa jamu, koma ena ali ndi ulusi wambiri umene uyenera kusefedwa.

1. Sankhani mango osabooka ndi osavulala. Mwa magawo anayi, atatu akhale akupsa ndipo limodzi likhale la mango amene angoyamba kupsa. Mango akupsa kwambiri alibe msuzi wowawasa wokwanira ndiponso ali ndi mphamvu yochepa yolimbitsa jamu, choncho jamu wa iwo okha amakhala wamadzimadzi.

2. Atsukeni bwino, makamaka kumutu kumene kumatuluka utomoni. Utomoni wa mango umawotcha khungu ndipo anthu ena amatuluka nawo ziwengo m'manja ndi pakamwa. Sendani, dulani mnofu tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo yezani mnofuwo mutachotsa khungu ndi njere. Ngati mulibe sikelo, makapu asanu kapena asanu ndi imodzi a tizidutswa amakwana kilogalamu, ndipo magalamu 750 a shuga ndi makapu atatu ndi theka kapena kuposerapo pang'ono.

3. Tsukani mabotolo ndi sopo, awiritseni m'madzi owamiza kwa mphindi 10, ndipo asiyeni m'madzi otenthawo mpaka jamu atapsa. Zotsekera nazonso zilowe m'madzi otentha.

4. Phikani mango ndi madzi a mandimu, popanda shuga, pamoto wochepa kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka atafewa. Ngati ali ndi ulusi, apa ndi pamene muwadutsitse m'sefa pokanikiza ndi supuni. Mandimu amasowa ndi kukwera mtengo m'miyezi imeneyi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amawasiya, koma popanda iwo jamu salimba ndipo sasungika. M'malo mwake mutha kugwiritsa ntchito supuni yaing'ono imodzi ya citric acid, ufa wowawasa wothira m'zakudya. Njere za mandimu zomangidwa m'kansalu koyera ndi kuphikira limodzi zimathandiza kulimbitsa, ndipo supuni yaikulu ya ufa wa malambe wosefa imathandizanso, ngakhale kuti simalowa m'malo mwa mandimu.

5. Thirani shuga ndi kutakasa pamoto wochepa mpaka musamvenso njere zake pansi pa poto. Mukakweza moto shuga asanasungunuke, jamu amadzachita timiyala m'botolo.

6. Kwezani moto kuti awire mwamphamvu kwa mphindi 20 mpaka 30, mukutakasa ndi mthiko wautali kuti asapserere. Jamu wowira amathovoka ndipo amamatirira pakhungu, choncho ana akhale kutali. Yengulani thovu lapamwamba. Musaphike makilogalamu oposa awiri nthawi imodzi, chifukwa poto wodzaza amachedwa kuphwetsa madzi ndipo jamu amada asanalimbe.

7. Yesani ngati walimba. Donthetsani pang'ono pambale yozizira, yomwe inali m'firiji kapena m'madzi a mumtsuko ndipo yapukutidwa, dikirani mphindi ziwiri, ndipo kankhani ndi chala. Akachita makwinya ndipo mzere wa chala sukutsekeka, wapsa. Mabuku ambiri amati jamu amapsa pa madigiri 104 kapena 105, koma muyeso umenewo ndi wa malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, ndipo jamu amapsa pa madigiri pafupifupi 101. Wodikira 105 ku Lilongwe, Dedza kapena Mzuzu amapeza jamu wolimba mosapakika pabuledi.

8. Thirani jamu wotentha m'mabotolo otentha, kusiya mpata wa theka la chala chaching'ono m'lifupi pamwamba, pukutani kukamwa kwa botolo ndi nsalu yoyera, ndipo tsekani. Galasi lozizira limasweka likalandira jamu wotentha.

9. Yalani nsalu pansi pa poto wamkulu, imikani mabotolo, thirani madzi otentha mpaka awamize, ndipo wiritsani kwa mphindi 10. Atulutseni ndi kuwasiya usiku wonse osawagwedeza. M'mawa dinani pakati pa chotsekera: ngati chalowa m'kati ndipo sichikudumpha, botolo latsekeka bwino ndipo lisungidwe pamalo amdima ndi ozizira kwa miyezi ingapo. Lomwe chotsekera chake chikudumpha lidyedwe poyamba. Lembani tsiku pabotolo lililonse. Botolo lotsekulidwa lilowe m'firiji, ndipo ngati mulibe firiji gwiritsani ntchito mabotolo aang'ono otha m'masiku ochepa.

Zolakwika zofala

Kuchepetsa shuga wa jamu pofuna kupulumutsa ndalama kumawonongetsa mango, makala ndi shuga yemweyo, chifukwa shuga ndiye amasunga jamu. Ngati shuga alipo wochepa, chepetsaninso mango molingana. Jamu amene wamera nkhungu pamwamba atayidwe yense, osangochotsa pamwamba pokha, ndipo supuni yonyowa kapena yokhudza majarini isalowe m'botolo.

Kusakaniza thobwa latsopano ndi lotsala ladzulo, kapena kulithira mumtsuko wosatsukidwa bwino, kumasasitsa latsopanolo m'maola ochepa. Dothi la mtsuko limasunga tizilombo tosasitsa m'timabowo take, choncho utsukeni ndi madzi otentha ndi kuuyanika padzuwa musanathiremo lina.

Kusiya chakudya chophika pamoto wozima kuyambira masana mpaka usiku n'kofala ndiponso n'koopsa. Tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chakudya chophika chisakhale pamtunda kuposa maola awiri, ndipo kunja kukatentha kuposa madigiri 32 nthawiyo ndi ola limodzi. Nyemba, mpunga, nsomba zamsuzi ndi ndiwo zotendera ndizo zimayamba kuwonongeka. Phikani zokwanira chakudya chimodzi, ndipo zotsala, kuphatikizapo mkute, zitenthetsedwe mpaka nthunzi ituluke pakati pake. Fungo si muyeso wodalirika, popeza chakudya chikhoza kudwalitsa chisanayambe kununkha, ndipo poizoni wina, monga wopangika mumpunga wogonera pofunda, satha ndi kutenthetsanso.

Kutsekulatsekula firiji magetsi akazima kumataya kuzizira komwe kukanasunga chakudya kwa maola pafupifupi anayi. Tulutsani zofunika kamodzi ndi kutseka. Mabotolo a madzi oundana osungidwa m'firijimo amatalikitsa nthawi imeneyi.

Kusunga nthochi m'jumbo, kapena pamodzi ndi mango ndi mapeyala, kumazipsetsa mofulumira chifukwa zipatsozi zimatulutsa mpweya wopsetsa zinzake. Pachikani phava la nthochi podutsa mphepo, kutali ndi zipatso zina.

Kugwiritsa ntchito soda yemwe wakhala m'pepala lotsekula, makamaka mvula ikayamba ndipo m'nyumba muli chinyezi, kumabweretsa chigumu chosafufuma ngakhale ndime zonse zitatsatidwa. Muyeseni musanayambe: thirani theka la supuni yaing'ono m'masupuni awiri a viniga kapena madzi a mandimu. Akachita thovu lamphamvu nthawi yomweyo ali bwino, ndipo akangochita pang'ono gulani wina ndi kumusunga m'botolo lotseka bwino.